Mtengo Womera Pamadzi

Tatsitsa mawu a chinthucho, Tadala. Ayi, usazimitse, ingotsitsa. Ndakhala ndikukumvani inu awiri chiwerukireni kusukulu, mwaunjikana pa kagalasiko ngati nkhuku pa madeya. Pemphero, sendera kuno undiuze zikuonekazo, poti maso angawa angotsala dzina. Ati sitima yaikulu kuposa zonse padziko lapansi? Ati ili ndi mapaipi amitundumitundu oti munthu alowe kumwamba n'kutsetsereka ndi madzi mpaka kukagwera m'dziwe? Dziwe pamwamba pa nyanja, abale inu! Madzi kusenza madzi anzake. Ndiye mukuti amayi anu akupititseni kumeneko pa holide. Chabwino.

Dzulo ndinakumva iwe Tadala ukufunsa amayi ako kukhitchini, m'Chingerezi chako chothamangacho, kuti n'chifukwa chiyani agogo amatuluka m'chipinda mukangoyamba kuonera za masitima a pamadzi. Umayesa ndine gonthi? Anapita ndi maso, makutu alipo. Khalani pansi ndikuuzeni, chifukwa Loweruka likubwerali ndikukwera ndege kubwerera ku Dedza, ndipo sindikhulupirira kuti tidzakhalanso chonchi.

Muli ndi amalume anu, ana inu. Dzina lawo ndi Limbani, mwana wanga woyamba, mlongo wawo wa amayi anu. Simunawamvepo chifukwa dzina limenelo ndinaliletsa ine pakhomo panga. Padutsa zaka zoposa makumi awiri ndisanaone nkhope yake. Chaka chatha ananditumira mawu kuti tikumane muno mu Doha, ine n'kulephera kufika. Nkhani yake ndi imeneyo, ndipo ndi imene ikundidya.

Koma ndiyambe ndi mawu akuti sitima, poti ndi amene anandigwetsa. Inu mumati metro, mumati shipi, chilichonse ndi dzina lake. Ife kwathu zonsezo ndi sitima. Ukafuna kusiyanitsa umawonjezera kuti ya pamtunda kapena ya pamadzi, koma ndani amawonjezera? Munthu wa kunyanja akati sitima, mumtima mwake muli madzi. Ine ndine wa kumapiri, ndikati sitima ndimaona njanji. Ndili msinkhu wa Pempheroyu, atate anga ananditenga ulendo wa ku Limbe. Tinatsika phiri wapansi mpaka ku Golomoti, miyendo kuchita kunjenjemera, n'kukadikira sitima pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Itatulukira ndinathawira kuseri kwa atate, chifukwa inkapuma ngati chilombo, utsi tolo! Mkatimo mipando yathabwa, nkhuku m'madengu, amayi oyamwitsa, ndipo pa siteshoni iliyonse manja ankalowa pawindo ndi zitumbuwa, nzimbe, mazira owiritsa, mbewa zopanika pa kamtengo. Usakwinye nkhope, Tadala, mbewa ndi ndiwo, si zija mumadya inu zokoma ngati katoni. Kakhala ka malasha kanandigwera m'diso ndipo ndinalira mpaka ku Balaka, koma nditabwerera kumudzi anzanga onse anandizungulira ngati ndachokera ku Ulaya. Kuyambira tsiku limenelo, kwa ine sitima inali imeneyo basi. Nyanja ndinkangoimva, ndipo bwato sindinakwerepo.

Ntchito yanga moyo wonse inali ya mitengo. Ndinalowa ku nazale ya zankhalango ndevu zisanamere. Masiku amenewo machubu apulasitiki kunalibe, tinkadula nsungwi mfundo ndi mfundo, kuthiramo dothi lakuda losakaniza ndi mchenga, n'kuikamo njere. Kheni yothiririra inali yachitsulo, yolemera ngakhale ilibe madzi, ndipo inandisiyira zikang'a izi, tagwirani muone. Lamulo linali limodzi: mbande imamwa dzuwa lisanatuluke. Ukaithirira masana waiphika. Ndinadzala paini, bulugamu, mbawa, mpaka anandikweza kukhala kapitawo. Apo ndi pamene matenda anga enieni anayambira, osati a shugawa. Ndinali ndi mawu anga amene aliyense ankawadziwa, kuntchito, kutchalitchi ndi kunyumba komwe. Munthu akanditsutsa ndinkadziguguda pamtima n'kunena kuti, "Ine Mbewe sindilakwitsa." Anthu ankaseka, ine n'kumayesa akundilemekeza.

Nditapuma ntchito ndinatsegula kanazale kanga kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chitsime chimene ndinakumba ndekha. Chaka chimenecho ndinafesa mbawa zokhazokha, mizere yowongoka ngati asilikali, ndipo zinamera mokongola moti anthu odutsa ankaima. Mu Okutobala, dzuwa lili pachimake, agogo anu aakazi, a Nabanda, anadwala n'kugonekedwa kuchipatala cha mishoni. Ndinapita nawo n'kukakhala komweko masabata awiri. Mbande ndinasiyira Limbani, amene nthawi imeneyo anali mnyamata wongomaliza kumene Folomu 4. Ndinamuuza kuti, "Mmawa uliwonse, dzuwa lisanatuluke." Anati, "Ndamva, ababa."

Tsiku lobwerera, ndisanalowe n'komwe m'nyumba ndinazungulira kuseri. Kalanga ine! Zonse zinali zitauma gwa, timitengo tili njo ngati machesi. Limbani anali ataima pomwepo wopanda malaya, mapewa ake atasupuka, zilonda zili psuu. Ndinaziona zilondazo, ana inu, ndi maso abwinobwino a nthawi imeneyo. Anati, "Ababa, chitsime chija..." Ine ndinati, "Tseka pakamwa!" Anayesanso, "Ababa, tandimverani kaye." Ndinamulozera kumsewu, mayi ake odwala akumva, mlongo wake akumva, n'kunena kuti, "Choka! Manja akowo ndi owola. Udzaponde pakhomo pano tsiku limene udzameretse mtengo pamadzi."

Mukuona mmene mkwiyo umapekera mawu? Mtengo pamadzi. Ndinkatanthauza kuti asadzabwerenso mpaka kalekale, ndipo iye anamva bwino lomwe.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa kuti nditunge madzi osamba. Nditaponya m'chitsime, inalira pamwala kuti ngwe! Ndinasuzumira, matope okhaokha, ong'aluka. Oyandikana nawo anandiuza kuti chinaphwa nditangochoka, ndipo mwana uja ankasenza zigubu ziwiri pa mtengo wopingasa pamapewa kuchokera kudambo, mtunda woti wamkulu amapumira panjira, kangapo pa tsiku, mpaka khungu linachoka. Madziwo sanakwane basi. Ndikubwerera kunyumba, mphasa yake inali yopindidwa, chikwama palibe. A Nabanda anandigwira mkono nati, "Bambo a Limbani, thamangani, akadali kudepoti." Ine ndinati, "Abwera yekha njala ikamuwawa." Ndinkadziwa kuti ndalakwa, koma pakamwa panga panalibe malo a mawu amenewo.

Sanabwere. Tinamva kuti ali ku Joni, kenako kuti ali ku Durban akusamala maluwa m'mayadi a anthu, kenako zii. A Nabanda ankati akamva basi yaima kumsewu ankasiya chilichonse n'kutuluka, chaka ndi chaka, mpaka miyendo inakana. Anamwalira akufunsa ngati mwana wafika. Ine pamaliro ndinalira ngati wina aliyense, anthu n'kumandipepesa, osadziwa kuti amene anawapha pang'onopang'ono ndi ine ndemwe. Mbawa sindinafesenso.

Tsono zaka zinapita, shuga anayamba kundidya maso, amayi anu n'kunditumizira tikiti kuti ndibwere kuno akandionetse kwa madokotala, poti iwo ndi namwino ndipo njira akuzidziwa. Mukukumbukira mmene ndinafikira, ndi chijasi cha ku Dedza m'dziko lotentha ngati uvuni. Munandiseka, ndinakumvani. Pemphero, ndiwe unandiphunzitsa kugunditsa kakhadi pa geti ya metro. Ndinaikonda sitima imeneyo ngakhale ilibe dalaivala, ngakhale ilibe fungo, ngakhale palibe wogulitsa chitumbuwa pawindo. Inu mukapita kusukulu, makolo anu kuntchito, ndinkachoka kuno ku Old Airport n'kukwera mpaka ku Msheireb, kumene njanji zonse zimakumana pansi pa nthaka, n'kubwerera. Foni yanga inkagwira m'nyumba muno mokha, pa wayifayi. Amayi anu anati andiikire simukhadi ya kuno, ine ndinakana, ndinati ndiimbira ndani.

Tsiku lina Lolemba, nyengo yozizira ija ya kuno, ndili ndekha pampando uno, foni inalira. Nambala yachilendo, uthenga wa mawu. Nditadina ndinamva mwamuna wamkulu, mawu okhuthala, koma kakokedwe kake ka "ababa" kanali komwe kaja. Anati: "Ababa, ndine Limbani. Nambala yanu wandipatsa ndi msuweni wanga wa ku Lilongwe, ndiye wandiuza kuti muli ku Doha. Ine ndifika kumeneko Lachinayi ndi sitima. Ndikhala pomwe imaimapo kuyambira teni koloko mpaka fili koloko, kupitirira apo sindingathe. Mubwere nokha, achemwali musawauze kaye. Mutenge pasipoti yanu. Ndili ndi chinthu choti ndikuonetseni."

Ndinaumvera kasanu. Kenako ndinadina kabatani koyankhira. Mukudziwa zimene ndinanena, patapita zaka zonsezo? Ndinati, "Ndamva. Ndibwera." Basi. Sindinafunse kuti sitima yake iti, ikuchokera kuti, ukukhala kuti mwananga. Ndinaona ngati kufunsa n'kudzitsitsa. Ndinangoganiza kuti ali pa ntchito kwinakwake m'dziko lomwe lino monga anyamata ambiri a kwathu, ndipo abwera pa metro. Za pasipoti sizinandidabwitse, poti kuno munthu sayenda wopanda chiphaso. Safunsa anadya phula, ana inu, ndipo ine ndinadya lonse.

Lachinayi amayi anu anali pa shifiti ya m'mawa. Mutangotuluka nonse ndinasamba, kumeta, kuvala jekete ndi tayi. Ndinakazinga ndekha mtedza uja ndinabwera nawo kuchokera kumudzi, poti Limbani ali mwana ankaba mtedza m'nkhokwe mpaka kutsegula m'mimba. Ndinaukulunga m'pepala n'kuika m'thumba limodzi, pasipoti m'thumba linalo. Naini koloko inandipeza ku Msheireb. Ndinati munthu akanena kuti pomwe sitima imaima, ndiye kuti pa siteshoni yaikulu, monga zinalili ku Limbe.

Ndinakhala pa benchi. Sitima ikafika ndinkaimirira, zitseko n'kutseguka, anthu khamukhamu. Ndi maso angawa nkhope ndimaiona ikafika apa, choncho mwamuna wakuda aliyense ndinkamuyandikira mpaka kumununkhiza. "Limbani?" Wina anali wa ku Kenya, wina wa ku Uganda, wina anangondilambalala ngati ndine wamisala. Mmodzi anandigwira paphewa nati, "Sole, baba," ndipo chifundo chakecho chinandipweteka kuposa kulambalalidwa. Ndinakwera masitepe oyenda okha aja, kutsika, kupita ku njanji ina, kubwerera. Teni inadutsa, leveni, thwelofu.

Pamenepo panali mlonda wa pa siteshoni, bambo wa imvi zake, amene anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa. Anandiyandikira nati, "Madala, muli bwanji? Ine ndine Tembo, wa ku Chipata. Mwankhala apa kuyambira kuseni. Muyembekeza ndani?" Ndinati mwana wanga akubwera ndi sitima. Anati, "Sitima iti, madala? Yofiira, yobiriwira olo yagolide?" Ndinati iliyonse, afika. Anati, "Muli na namba yake? Nikupatseni hotisipoti, mumutumire." Akanandilumikiza pomwepo, ana inu, mauthenga onse akanalowa, ndipo nkhani ino bwenzi ili ina. Koma ine ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Achimwene, ine sitima ndinayamba kukwera inu musanabadwe. Pitani mukagwire ntchito yanu." Anangoti, "Mafi mushikila, madala," ndiye kuti palibe vuto, n'kuchoka.

Cha m'ma hafu pasiti thu anabweranso, munthu wabwino uja, atanyamula botolo la madzi. Ndinatulutsa kansalu kuti ndipukute thukuta, pasipoti n'kugwa pansi. A Tembo anaitola nati, "Nanga iyi mwayendera nayo chani?" Ndinati mwanayo ndi amene anandiuza kuti ndibwere nayo. Anaima chilili. "Anakamba kuti mubwere na pasipoti? Kuti ali na maawazi ang'ono chabe?" Kenako anagwira kumutu. "Ah, madala! Iyo si metro. Ni shipi! Lelo ku poti kuli shipi ikulu maningi. Mwana wanu asebenza mu shipi!"

Sitima ya pamadzi! Mwana wakhala zaka zonsezo m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja, akati sitima akunena ya pamadzi. Ine ndakhala pansi pa nthaka maola asanu ndi theka ngati mfuko, iye ali pamtunda woti ndikanayenda wapansi. A Tembo anandikoka dzanja mpaka panja, kuimitsa takisi, kumuuza dalaivala kuti, "Poti, poti, yala, yala!" ndiye kuti kudoko, msangamsanga. Sindinawathokoze n'komwe.

Pamsewu magalimoto anali atathithikana. Roboti iliyonse inatiimitsa. Ndinkamenya mpando wa dalaivala, iye n'kumangoti, "Inshala, baba." Titayandikira ndinaona chikhoma choyera chatseka kumwamba, ndinayesa ndi hotela ina mwa zazitali za kunozi. Dalaivala anati ndi imeneyo. Ana inu, pa kagalasi kanuko simungaimvetse. Mawindo mizeremizere kukwera mpaka khosi kuwawa, anthu okwana tauni yonse ya Dedza tsiku la msika akhoza kulowamo n'kusowana. Pamwamba pake ndinaona mapaipi anu aja, ofiira, achikasu, opiringizana ngati matumbo a mbuzi. Kunkamveka nyimbo, ndi ana akukuwa ndi chisangalalo.

Pa geti ndinafika fili itadutsa kalekale. Mlonda wa pamenepo anatambasula dzanja nati, "Khalasi, baba, khalasi," kutanthauza kuti zatha. Ndinamupatsa pasipoti, ndikuloza sitima, Chingerezi chonse chitandithawa. Anayang'ana pa pepala lake, chala chikutsika, n'kuima. Ananditembenuzira pepalalo pafupi ndi maso. Dzina langa linali pamenepo, lolembedwa bwinobwino, ndipo pambali pake panali mawu a Chingerezi onena kuti ndine bambo wake wa wantchito. Mwana amene ndinamuthamangitsa ngati galu anandilembetsa kuti ndine bambo wake. Mlondayo anati munthu wa yunifomu yobiriwira anaima pomwepo tsiku lonse, osapita kukagula kanthu m'tauni ngati anzake, ndipo analowa womaliza. Anati antchito akalowa satulukanso, ndipo alendo nthawi yawo yatha.

Ndinagwira waya wa mpanda n'kuyamba kukuwa. "Limbani! Limbani iwe! Ndabwera!" Nkhalamba ya tayi, kukuwa ngati mwana wotayika pamsika. Mawu anga akanafika kuti, pamwamba pali gulu loimba? Ndinaima pomwepo mpaka sitimayo inaliza lipenga lake, kulira kwa ng'ombe yaikulu kumene ndinakumva m'mimba, n'kuyamba kusuntha pang'onopang'ono ngati sikufuna. Anthu kumwamba ankabayibitsa manja. Ndinabayibitsa nanenso, kuti mwina mmodzi mwa iwo ndi iyeyo, koma kwa ine onse anali timadontho. Mtedza uja unali ukadali m'thumba.

Nditangolowa pakhomo lino foni inagwira wayifayi n'kuyamba kunjenjemera osaleka. Unali pomwepo iwe Tadala, unaseka, unati foni ya agogo yadwala malungo. Ndinalowa kuchipinda n'kutseka chitseko. Uthenga woyamba unali wa teni koloko: "Ababa, ndatsika, ndili pa geti ya doko. Ndavala zobiriwira." Wachiwiri: "Ababa, mwina mwasochera? Muuzeni wa takisi kuti kumene kumaima sitima za alendo." Wachitatu unali wautali, ndipo ndinauloweza pamtima ngati vesi.

Anati: "Ababa, podikira pano ndikuuzeniko za kumene ndimakhala. Sitima yathuyi si yaikulu kuposa zonse, ilipo ina yoiposa, koma nayonso ndi dziko palokha. Muli bwalo la madzi oundana, anthu amavala nsapato za mipeni n'kumatsetsereka, panja dzuwa likuwotcha. Muli malo opanga mafunde abodza, munthu amaima pa thabwa n'kumagwa, anzake n'kumaseka. Ena amadzimangirira pa chingwe n'kuuluka pamwamba pa mitu ya anzawo. Muli mahatchi amatabwa ozungulira a ana, muli bwalo la zisudzo kumene anthu amadumphira m'madzi kuchokera kutalika kwa bulugamu, muli mkono wachitsulo wosakaniza zakumwa popanda munthu. Malo odyera sindinawamalize n'komwe. Koma zonsezo si zimene ndakuitanirani." Kenako anati: "Pakati pa sitimayi pali munda, ababa. Mitengo yeniyeni, ya mizu, m'dothi lenileni. Amene amaisamala ndine. Ndimaithirira mmawa uliwonse dzuwa lisanatuluke, monga munandiphunzitsira. Chiyambireni palibe umene unandiumira. Munati ndidzaponde pakhomo ndikadzameretsa mtengo pamadzi. Ndameretsa, ababa. Bwerani mudzaone, kuti ndizipita kwathu ndikaone manda a amayi."

Womaliza unali wa fili koloko, waufupi. "Nthawi yakwana. Yankho lanu ndalimva."

Pemphero, tandipatsa kansaluko. Ayi, si misozi, ndi mankhwala aja a m'maso. Iwenso usandiyang'ane choncho.

Amayi anu atabwera ndinawauza zonse. Analira, anandikalipira, ndipo anali ndi ufulu. Anati, "Ababa, mukanangondiuza, ine ndikanadziwa pomwepo, nyengo ino ndi ya masitima a alendo!" Kenako anati timuyankhe msanga, akaona akalumikiza foni. Anandigwirira foni pakamwa. Apa ndiye mumve uchitsiru wa agogo anu. Ndinalongosola za Msheireb, za a Tembo, za takisi, zonse mwadongosolo ngati lipoti la kapitawo. Ndinati vuto ndi Chichewa chathu chimene chili ndi dzina limodzi pa zinthu ziwiri. Pomaliza ndinawonjezera kuti, "Iwenso ukanangonena kuti ya pamadzi." Amayi anu anachotsa chala mochedwa, uthenga n'kupita ndi mawu amenewo. Madzi akatayika saoleka.

Yankho linabwera patapita masiku awiri. Silinali laukali, likanakhala laukali bwenzi ndikupuma. Anangoti, mofatsa: "Inu simulakwitsa, ababa. Munanena nokha." Kuchokera tsiku limenelo uthenga uliwonse wopita ku nambala imeneyo umangoonetsa tiki imodzi. Amayi anu ayesa, msuweni uja wayesa. Kaya anasintha nambala, kaya anatitsekera, kaya ali pakati pa nyanja kumene mawu safika, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwana wanga akuyenda padziko akukhulupirira kuti ndinamva kuitana kwake n'kukana dala.

Kuzizira kwabweranso, masitima abweranso. Masiku amene amayi anu ali pa ofu amanditengera kudoko, n'kumandiwerengera mayina olembedwa m'mbali mwake. Ija palibe. Anafufuza pa intaneti, akuti chaka chino anaitumiza ku nyanja za ku America. Dokotala naye wanena zake: diso lakumanzereli linatha, lakumanjali latsala kandulo, ndipo palibe chimene angachite. Viza nayo yatha. Ndiye ngakhale itabwera chaka chamawa, ine ndidzakhala ndili ku Dedza, mumdima, pafupi ndi chitsime chouma chija. Ngakhale atandigwira dzanja n'kundilowetsa m'munda wakewo, mitengoyo ndidzangoipapasa. Ndadzala mitengo yosawerengeka pa moyo wanga, anthu akhomera nyumba, apanga mabokosi a maliro, koma umodzi wokha umene ndinayenera kuuona ndinauphonya chifukwa cha mwano. Ndikumva chisoni, ana inu, chisoni choti ndikadzuka m'mawa ndimakhumudwa kuti ndadzukanso.

Musaleke kuifuna sitima yanuyo chifukwa cha ine. Mwina si yomwe ija, koma ndani akudziwa kumene iye ali pano? Amayi anu akadzakwanitsa, pitani. Katsetserekeni m'mapaipi anuwo, kagweni pa mafunde abodza, iwe Pemphero ukathyoke dzino pa madzi oundana, ndikukudziwa. Koma tsiku limodzi lokha mudzadzuke dzuwa lisanatuluke, anzanu akadali m'tulo, mudzafunse kumene kuli munda. Mudzafunse, mwamva? Musadzachite za agogo anu. Mukadzapeza mwamuna wa zipsera pamapewa akuthirira, mudzamupatse moni wa kwathu, Chichewa chanu chopindikacho chidzakwana. Mudzamuuze kuti nkhalamba ija inabwera, inavala tayi, inadikira pa sitima yolakwika.

Tsopano tenga foni yanga, Tadala. Pita pa dzina lija lili pamwamba. Pali mawu amene sindinawanenebe, mauthenga onse aja ndinkangozungulira. Ukadina undigwedeze bondo. Wadina?

Limbani, mwananga, ndine bambo ako. Za sitima zija zisiye, si zimene ndikufuna kunena. Chitsime chinali chouma, ndinachiona m'mawa womwewo. Mapewa ako ndinawaona ndisanatsegule pakamwa. Mayi ako anati ndikutsatire kudepoti, ine ndinakana. Ndinalakwa, Limbani. Ine Mbewe ndinalakwa. Pakhomo ndi pako, ndi mtengo kapena wopanda mtengo. Bwera ndikadali ndi diso.

Chotsa chala. Wapita? Tayang'ana bwino, pali matiki angati? Dikira pang'ono, mwina wayifayi ikuchedwa. Nanga pano? Usandinamize, mwana iwe, mawu ako akunjenjemera. Imodzi.

Chabwino. Iike apa pa bondo langa. Kwezani mawu a sitima yanu ija, lero sindituluka. Pakafika pa mitengo muimitse, muyang'anitsitse nonse awiri, mundiuze ngati kumbuyoko kukuoneka munthu wonyamula kheni.